Ndinasinthanitsa Mwana wa Mlongo Wanga ndi Vinyo wa ku Beira

Inu owerenga, ine ndinatumidwa kudziko la eni kukatenga mwana amene ankazunzika pabanja, koma ndinabwerako ndi jekete, mabotolo a vinyo ndi mimba yokhuta, mwanayo nditamusiya m'manja mwa munthu yemwe ankamumenya. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti pasapezeke wondimvera chisoni. Chisoni sindikuchifuna. Ndikulemba ndi mkwiyo. Ndakwiyira mkamwini amene anandipusitsa. Ndakwiyira anzanga amene mpaka lero amandiimitsa pamsika wa pa Mwanza kuti ndiwafotokozerenso za nyanja yamchere. Koma woyamba kumukwiyira ndi nkhalamba imene ndimaiona ndikawerama pa beseni la madzi osamba.

Kwathu ndi kwa Kanduku. Sukulu sindinapite ndili mwana, ndinkaweta mbuzi za bambo. Kulemba ndi kuwerenga ndinadzaphunzira kusukulu ya kwacha ndevu zitayamba kale kuyera, nditakhala pakati pa amayi obereka ana kumbuyo, anyamata akutisuzumira pawindo n'kumaseka. Ndikunena zimenezi chifukwa bala la kusekedwa lija silinapole, ndipo munthu wochenjera akadziwa pamene pali bala lako, amadziwanso pokusisita kuti ugone.

Pakhomo pathu mwini mbumba ndine. Ana a mlongo wanga akadwala, akalakwa, akafuna kukwatiwa, nkhani imafikira kwa ine. Choncho pamene kunabwera mnyamata wotchedwa Armando kudzafunsira Rozina, mwana wachisamba wa mlongo wangayo, nkhoswe ndinali ine. Armando kwawo ndi kutsidya kwa malire, cha ku Zobue. Chichewa amalankhula ngati ife, kungoti amathiramo Chinyungwe ndi Chipwitikizi. Anali ndi mathiraki onyamula katundu kuchokera kudoko la Beira. Anapempha chitengwa, ati sangakhale pachikamwini ntchito yake ili kutali, ndipo amene anavomera ndine. Anamutenga Rozina kupita naye ku Beira, ndipo kumeneko anabereka mwana wamkazi, dzina lake Tereza.

Unkhoswe sindinautole panjira. Ndinauphunzira kwa amalume anga, ndinkawaperekeza. Iwo akaitanidwa pabanja limene lavuta, ankafika n'kupempha madzi okha. Akawaphera nkhuku, ankati ivundikireni kaye. Ankamutenga mkaziyo kukakhala naye kuseri kwa nkhokwe, kutali ndi maso a mwamuna wake, n'kumumva mpaka amalize. Kenako ankamva mwamuna, kenako ankaitanitsa ankhoswe a mbali inayo. Ankandiuza kuti nkhuku ya mkamwini imadyedwa mlandu utatha, chifukwa pakamwa popaka mafuta sipatuluka mawu owawa. Zonsezi ndinkazidziwa. Musandichepetsere mlandu poganiza kuti sindinkadziwa.

Tsiku lina ndikukumba mtedza, mlongo wanga anafika kumunda akupuma mwabefu. Rozina anali ataimba pa foni ya mayi wina woyandikana naye nyumba. Mawu ake anali ochepa: atumize amalume adzamutenge, ndipo bambo a Tereza asauzidwe. Foni n'kudulidwa. Mlongo wanga anayesa kuimbanso, osayankhidwa.

Kulakwa kwanga kunayambira pomwepa. Njira ya ku Beira sindinkaidziwa, Chipwitikizi sindimva, ndipo ndinkaopa kukasochera ngati mbuzi pamsika. M'malo mofunsa madalaivala amene amadzaza pa boda tsiku ndi tsiku, ndinamuimbira Armando yemweyo, n'kumunamiza kuti ndasowa mdzukulu wanga. Anasangalala ngati ndamupatsa ng'ombe. Anati ndisavutike ndi mabasi, thiraki yake ina ikuchokera ku Blantyre, inditengera pa Mwanza. Mwaona? Ndisanaponde n'komwe dothi la Mozambique, ndinali kale m'thumba mwake.

Tsiku lonyamuka, mlongo wanga anandiperekeza mpaka pamsewu. Anandigwira mkono wa malaya n'kunena kuti, "Achimwene, kumeneko simukupita kukacheza. Musadzabwere nokha." Ndinamuyankha mwaukali kuti asandiphunzitse ntchito yanga.

Ulendowo, ndinene zoona, unanditenga mtima. Ndinakhala kutsogolo, pampando wofewa, pamwamba ngati ndili padenga. Titadutsa Zobue ndinayamba kuwerenga zikwangwani mokweza, dalaivala n'kumandiyamikira. Ku Tete ndinaona mlatho wautali pamwamba pa Zambezi, madzi ali phee pansi pake, dzuwa likuotcha ngati lili paphewa. Dalaivalayo anali atauzidwa kuti ndisamve njala. Anandigulira nyama ya mbuzi yootcha ndi buledi wawo uja amati pawu, wolimba kunja, wofewa mkati. Ine munthu woyenda pa njinga ndinayamba kudziona ngati nduna. Pofika ku Chimoio mawu a mlongo wanga anali atayamba kumveka patali.

Ku Beira ndinapeza nyumba ya mpanda, geti yachitsulo, pansi ponyezimira mpaka kuopa kuponda. Rozina anatuluka kudzandigwadira, Tereza atamugwira chitenje. Anali ataonda. Kunja kukutentha choncho, iye anavala malaya a manja aatali. Ndikamalankhula ankatembenuza mutu kuti amve ndi khutu lakumanja. Ndinaona. Maso anga sanakalambe.

Koma tebulo linali litayalidwa kale. Ndinayesa, pang'ono pokha, kuchita monga ankachitira amalume anga. Ndinati ndabwera ndi mawu, andipatse madzi okha. Armando anaseka, n'kundigwira paphewa: "Aa pai, mawu sawola, koma nsomba imawola. Khalani pansi." Pai ndiye kuti bambo m'chilankhulo chawo. Ndipo ine, nkhoswe, mwini mbumba, ndinakhala pansi n'kusamba m'manja.

Panali tinkhanu tam'nyanja timene amati kamarawu, tofiira, tokazinga ndi adyo ndi ndimu. Panali nkhuku yootcha ya piripiri, ndi mpunga wophikira mu kokonati. Kenako anatulutsa botolo. Ine mowa ndinkaudziwa wa masese ndi kachasu, womwera m'chipanda kapena m'kapu ya pulasitiki. Uwu unali vinyo wofiira, wothiridwa m'tambula yoima ndi mwendo umodzi ngati kakowa. Armando anandipatsa botololo kuti ndiwerengere anthu zimene zalembedwapo. Ndinawerenga chilembo chimodzichimodzi, mawu amene sindinkawamva tanthauzo. Iye anaomba m'manja, n'kuuza anzake amene anawaitana kuti, "Mwamva? Pai wanga ndi pulofesa!" Inu owerenga, pamenepo ndi pamene anandigula. Zinazo anali kungowonjezera basera.

Masiku otsatira ankandidzutsa ndi pulogalamu. Lero tikaone doko, mawa tikaone msika, mkuja tikadye kwa mnzake. Ndinaona sitima zapamadzi zazitali kuposa tchalitchi chathu. Ndinaona nyanja imene tsidya lake silioneka, mafunde akubwera ngati akuthamangitsidwa. Ndinavula nsapato, kupinda buluku, kulawa madziwo ndi chala kuti nditsimikize kuti ndi amchere. Armando ankangondijambula pa foni yake, ine n'kumamwetulira ngati mwana wa sukulu ya mkaka. Rozina sankapita nafe. Ati atsale aphike.

Kunyumbako zizindikiro zinali poyera. Geti ikalira, Rozina ankaima pomwe ali, chipande chili m'mwamba. Sankaseka mwamuna wake asanaseke. Tereza, kamwana kongoyamba kuyankhula, kankathawira kuseri kwa chitseko bambo ake akakweza mawu. Zimenezi sizinali zachilendo kwa ine, chifukwa mayi anga ankatero bambo akamachokera kumowa. Ndinazizindikira, n'kutembenuzira maso ku mbale.

Mmawa wina Rozina anabwera kudzandiuza kuti madzi osamba akonzeka. Ataona kuti tili awiri, ananong'ona kuti, "Amalume, tikambirana liti?" Ndinamuyankha kuti mawa, lero amuna ake akufuna akandionetse nsanja ya nyali yolondolera sitima zapamadzi. Anandiyang'ana, n'kutuluka. Pofuna nsapato zanga pansi pa bedi, dzanja langa linakhudza mtolo. Unali womangidwa m'chitenje chimene mlongo wanga anamupatsa pa ukwati, ndinachidziwa. Pamfundo pake panapanikizidwa tinsapato ta Tereza. Rozina anali atamanga kale katundu, n'kumubisa m'chipinda cha amalume ake, malo okhawo m'nyumba monsemo amene ankaganiza kuti ndi otetezeka. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinaukankhira mkati ndi phazi, n'kupita kukaona nsanja ya nyali.

Tsiku limenelo ndi limene ndimafuna litafufutidwa. Titaona nsanjayo, yopakidwa zofiira ndi zoyera, ndi chisitima chakale chimene chinachita dzimbiri pamchenga, tinakhala pamalo odyera a m'mbali mwa nyanja. Armando anaitanitsa nkhanu zazikulu ngati chikhatho, ndi vinyo wina woyera, wozizira. Kamphepo kakuwomba, botolo loyamba linatha, lachiwiri n'kutsegulidwa. Kenako Armando anatsamira patebulo n'kundifunsa mwaulemu ngati zinali zoona kuti munthu wamkulu ngati ine ndingayende mtunda wonsewo kudzangoona mdzukulu.

Ndinaulula. Palibe anandiopseza, palibe anandipotokola mkono. Ndinaulula ndikuseka, ngati amuna awiri akukamba za akazi awo. Ndinamuuza kuti mkazi wake anaimba kuti ndidzamutenge. Ndinamuuzanso kuti anaimbira pa foni ya mayi woyandikana nawo. Armando anaseka kwambiri, nati, "Akazi, pai! Mumawadziwa kale inu. Ukawagulira firiji amalira kuti ikuzizira." Ndinaseka naye. Koma ndinaona nsagwada zake zikulimba, ndinaona mmene anafinyira tambula ija. Anaitanitsa botolo lina, ndipo ine ndinapereka tambula yanga kuti andithirire.

Mlandu ndinadzaukamba kutatsala tsiku limodzi kuti ndinyamuke, ngati ungatchedwe mlandu. Sindinamutengere Rozina pambali. Sindinafunse za ankhoswe a mwamunayo. Tinakhala pabalaza titangotha kudya, Armando ali pampando wake, miyendo atasanjikiza. Ndinamuitana Rozina, anagwada pakhomo. Ndinamufunsa pamaso pa mwamuna wake ngati pali vuto. Anayang'ana ine, anayang'ana tambula imene inali m'dzanja langa, nati, "Palibe, amalume." Ndipo ine ndinatsegula pakamwa panga ponunkha vinyo n'kuyamba kumulangiza kuti banja ndi kupirira, kuti akazi ambiri kwathu akusenza madzi pamutu pomwe iye amangotsegula mpopi, kuti asamatidzidzimutse ndi mafoni. Mawu amenewo anatuluka m'kamwa mwanga. Ndikawakumbukira ndimafuna kulavula.

Mmawa wake Armando anandiveka jekete yatsopano, n'kundilongedzera mabotolo a vinyo ndi kamarawu wouma. Rozina ananyamula chikwama changa kupita nacho kugeti. Pondipatsira, anayesa komaliza, milomo yokha ikugwedera: "Amalume, m'thirakimo mulibe malo?" Ndinamuuza kuti malo ndi a munthu mmodzi. Linali bodza. Kumbuyo kwa dalaivala kunali bedi lathunthu, ndipo ndinagonapo ine njira yonse ngati nkhumba yokhuta.

Nditatsika pa njinga ya kabaza kwathu, mlongo wanga sanayang'ane ine. Anayang'ana njira kumbuyo kwanga, nthawi yaitali. Kenako anafunsa kuti mwana wake ali kuti. Ndinamuuza kuti mwana wake akukhala ngati mfumukazi, kuti zinali nkhani zazing'ono za m'banja ndipo ndazikonza. Ndinamupatsa kamarawu uja. Anamuponya pansi, nkhuku n'kuthamangira. "Achimwene, ndinakutumani kukadya?" Ine ndinakwiya, ndinamutcha wosayamika ndi wosayenda. Lamulungu ndinavala jekete kutchalitchi. Pamsika ndinkakhala pakati, anthu atandizungulira, ndikufotokoza za mafunde ndi nkhanu, ndikuwaphunzitsa kagwiridwe ka tambula ya vinyo. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Koma pusi amagwa yekha. Ine ndinagwetsa mwana wa eni.

Foni ya mayi woyandikana uja sinaimbenso. Mvula inagwa, chimanga chinakula, tinakolola. Kenako kunabwera uthenga woti tithamangire kuchipatala pa boma. Rozina anali atatsitsidwa ndi dalaivala wina wa Chimalawi, wa kampani ina, amene anamupeza m'mbali mwa msewu kunja kwa Beira n'kumumvera chisoni. Munthu wachilendo, wosamudziwa, anapeza malo m'thiraki amene amalume ake anati mulibe.

Diso lake lakumanzere linali litafa. Mano akutsogolo ena munalibe. Anafotokozera mayi ake, ine nditaima kumiyendo kwa bedi, kuti kumenyedwa kwenikweni kunayamba tsiku lomwe ndinanyamuka, thiraki isanafike patali. Armando ankamufunsa kuti aitanenso ndani, popeza amalume ake amagulidwa ndi botolo. Anakaopseza mayi wa foni uja mpaka mayiyo anasiya kumupatsa moni Rozina. Kenako, podziwa tsopano kuti mkazi wake ali ndi maganizo othawa, anamutenga Tereza n'kukamusiya kwa abale ake kutali, kumpoto kwa dzikolo, komwe Rozina sakudziwa. Ankati mbuzi ukaigwirira mwana sipita patali. Rozina anapirira miyezi yonseyo poyembekezera kuti amubweza mwanayo. Anathawa ataona kuti akakhala, afa.

Ndinayang'ana pansi chifukwa cha manyazi, ndipo pansi pa bedi la chipatalalo ndinaona mtolo uja. Chitenje chomwechija, mfundo yomweija, tinsapato tija tili pomwepo. Rozina anatembenuza mutu kuti andione ndi diso lotsalalo. Sanakuwe, sanatukwane. Anangondifunsa kuti, "Amalume, nkhanu zija zinakoma?"



Abale anakhala pansi n'kundilanda unkhoswe, anaupereka kwa mng'ono wanga. Anachita bwino. Iye ndi amene wakhala akuyenda m'maofesi, kuno ndi kutsidya, kufunafuna Tereza. Nkhaniyo ikuyendabe, koma mwana sanapezeke. Armando foni yanga sayankha. Munthu amene ankanditcha pai, ankanditcha pulofesa, anatha nane ntchito tsiku limene ndinakwera thiraki yake. Mlongo wanga nyumba yake yayang'anana ndi yanga, koma sanditchulanso achimwene. Akafuna kunena za ine amati bambo aja a ku Beira. Botolo limodzi limene linatsala ndinakalithira m'chimbudzi, jekete ndinaitentha, koma zimenezo sizinabweze diso la munthu.

Chimene chimandiwawitsa mutu ndi anthu amene amabwera kudzanditonthoza. Ati zimachitika, ati simukanadziwa, ati mkamwiniyo ndi amene ali woipa. Inde ndi woipa, ndipo Mulungu akamufunsa. Koma iye sanali mbale wa Rozina. Rozina sanaitane Armando kuti amupulumutse, anaitana ine. Ndiye musandiuze kuti sindikanadziwa. Ndinaona manja aatali, ndinaona khutu, ndinakhudza mtolo ndi dzanja langali. Ndipo inu amene mumandiimitsabe pamsika kuti ndikambe za nyanja, lekani. Nyanja ilipo, ndi yaikulu, ndi yamchere. Pitani mukaione nokha.

Sindikunena kuti kuyenda n'koipa, kapena kuti chakudya cha eni n'choletsedwa. Ana athu ambiri ali kunja masiku ano, ku Mozambique, ku Joni ndi kwina, ndipo makolo akuitanidwa kukawaona. Pitani, kadyeni, kaoneni zimene simunaone. Koma inu amalume, inu ankhoswe, inu azakhali, mukatumidwa ndi mbumba, dziwani chimene mwapitira. Musakwere galimoto ya munthu amene mukupita kukamufunsa mlandu. Mukafika, pemphani madzi okha, ngakhale patebulo pakhale zonona bwanji. Mutengereni mwanayo pambali musanalawe kanthu, ndipo zimene wakuuzani mobisa zikhale m'mimba mwanu, osati patebulo la mowa. Mkamwini akachulutsa ulemu, akamakudzutsani ndi maulendo osakupatsani mpata wokhala ndi mwana wanu, funsani mumtima kuti akuphimba chiyani. Ndipo mawu oti banja ndi kupirira musawatulutse musanaone zimene zili pansi pa malaya a manja aatali.

Rozina tsopano amakhala ndi mayi ake. Amalima, amapita kutchalitchi, amandipatsa moni ngati mlendo. Tinsapato tija amatitsuka nthawi ndi nthawi n'kutiyanika pa thandala, pamene ndimationa ndikakhala pakhonde panga. Tonse tikudziwa kuti kulikonse kumene Tereza ali, phazi lake linakula kale, sitingamukwanenso. Palibe amene amanena. Ine ndimangokhala n'kumatiyang'ana mpaka tiume, mawu a mlongo wanga akulira m'khutu. Inu owerenga, mwana wanu akadzakuitanani kudziko la eni kuti mukamutenge, musadzabwere nokha.